Kalata yotseguka kwa oyang'anira misewu: makina owerenga magalimoto ayesedwe tisanawakhulupirire

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamtengatenga, akuluakulu a Roads Authority ndi Roads Fund Administration, nthambi ya Road Traffic, apolisi apamsewu a chigawo cha kumpoto, ndi Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu,

Mabwana ndi madona, landirani moni waulemu wochokera kuno ku Mzuzu. Tikukulemberani ife amene timadya za kuyeza misewu, kukonza zipangizo zamagetsi ndi kunyamula katundu pa M1 ndi M5. Tikudziwa kuti ntchito muli nayo ndi yolemetsa, ndipo ndalama za misewu sizinakwanepo chikhazikitsireni Roads Authority ndi Roads Fund Administration mu 2006. Chifukwa cha kuchepa kwa ndalamako, tapempha kuti mutimvere pa chinthu chimene chimasankha kumene ndalamazo zipite: manambala a magalimoto oyenda pamsewu.

Manambala amenewa ndi amene amanena kuti msewu uti ukonzedwe msanga, phula likhale lochindikala bwanji, m'mbali musiyidwe malo a njinga kapena ayi, powolokera ana asukulu paikidwe pati. Amalowa m'mapulogalamu a pa kompyuta monga HDM-4, ndipo zotuluka m'menemo ndi zimene opereka ngongole amawerenga asanasaine. Masiku ano kuwerengako kukuchoka m'manja mwa anthu okhala pambali pa msewu ndi pepala, kukupita kwa makina. Makinawo sitikuwakana. Sagona, satopa, ndipo sathawa mvula. Chimene chikutiwawa n'chakuti msewu ukamalengezedwa, mzika imamva kutalika kwake, mtengo wake ndi dzina la kontilakitala. Siimva kuti magalimoto anawerengedwa pati, masiku angati, ndi chipangizo chanji, ndiponso kuti chipangizocho chinayesedwa liti. Komanso zolakwa za makinawa pamisewu ngati yathu zimapendekera mbali imodzi: zimachepetsa njinga, zimachepetsa malole a usiku, zimachepetsa kulemera kwa katundu. Wovutika nazo ndi wa kabaza, woyenda pansi, ndi wokhoma msonkho amene adzalipire msewu womwewo kawiri.

Tiyambe ndi njinga. Aliyense amene waimapo pa Katoto kapena pa Luwinga m'mawa akudziwa kuti masakaramento (njinga zakapalasa za kabaza) ndi njinga zamoto ndi gawo lalikulu la zoyenda pamsewu. Koma chipangizo chofala kwambiri pa malo owerengera okhazikika, chotchedwa loop, chinapangidwira galimoto. Amacheka phula mzere wa makona anayi, pafupifupi mamita awiri mbali iliyonse, n'kuzunguliza waya katatu kapena kanayi, n'kumata pamwamba. Wayayo amamva chitsulo chikadutsa. Njinga yamoto ili ndi chitsulo chochepa, ndipo ikadutsa pakati penipeni pa loop, pamene wayayo amamva mofooka, kawirikawiri siiwerengedwa. Njinga yakapalasa imayenda m'mphepete kumene kulibe waya n'komwe. Mukati muwonjezere mphamvu ya kumva kuti njinga zigwidwe, loop imayamba kumva lole yodutsa mbali inayo ya msewu, n'kuiwerenga kawiri. Mapeto ake msewu wodzaza ndi njinga umaoneka m'buku ngati wa magalimoto okhaokha, ndipo wojambula pulani ali mu ofesi alibe chifukwa choikira kanjira ka njinga. Ngozi zimene timaziona pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni, lole ndi njinga zikulimbirana phula lomwelo, zimayambira pa mapulani oterewa.

Chachiwiri ndi mapaipi a labala oyalidwa chopingasa msewu, amene amagwiritsidwa ntchito powerenga kwa masiku ochepa. Paipi siona galimoto. Imamva mpweya ukukankhidwa tayala likaponda, ndiye kuti imawerenga ma ekiselo, zitsulo zopingasa zimene zimagwira matayala a mbali zonse ziwiri. Paipi ikakhala imodzi, makina amagawa chiwerengerocho pawiri, poganiza kuti galimoto iliyonse ili ndi ma ekiselo awiri. Tankala ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ya ma ekiselo asanu ndi imodzi, imalembedwa ngati magalimoto atatu ang'onoang'ono. Chiwerengero chonse chakwera, koma lole yasowa, pamene loleyo ndi imene imaononga msewu.

Mapaipi akakhala awiri, makina amatha kuyeza liwiro ndi kusiyanitsa mitundu ya magalimoto, koma zonse zimadalira mpata wa pakati pawo. Nthawi zambiri mpatawo ndi mita imodzi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, tayala limatenga masekondi 0.06 okha kuchoka pa paipi yoyamba kufika pa yachiwiri. Woika akalakwitsa n'kusiya masentimita 95, liwiro lililonse limakwera ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo mipata ya pakati pa ma ekiselo imatalikanso chimodzimodzi, mpaka Sienta ina kulembedwa m'gulu la minibasi. Msomali umodzi ukazuka, paipi imakhwefuka n'kumadumpha, tayala limodzi n'kumveka kawiri. Madzi akalowa m'paipi, mpweya sufika ku makina. Magalimoto awiri akaponda nthawi imodzi, wina wopita ku Karonga wina ku Jenda, makina amasokonezeka n'kulemba galimoto yosadziwika mtundu. Pamalo pamene minibasi zimaima n'kumakwawa kufuna okwera, mapaipi sagwira bwino ntchito m'pang'ono pomwe. Paipi yoikidwa Lolemba n'kukaitenga Lolemba linalo popanda woiyendera ndi yokayikitsa.

Pano pali msampha umene tikupempha kuti muusamale kwambiri. Munthu angakuonetseni kuti makina anawerenga 1,000 ndipo anthu anawerenganso 1,000, choncho makina ali bwino. Koma ngati anaphonya njinga zamoto 40 n'kuwerenga kawiri ngolo za malole 40, chiwerengero chonse chimafanana ndithu pamene magulu onse awiri ndi olakwika. Kuyesa koona kumachitika gulu ndi gulu.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona ndalama zambiri, ndi kulemera. Kuyambira pa kafukufuku wa AASHO, bungwe la oyang'anira misewu ku America, amene anachitika ku Illinois pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri amadziwa kuti kuonongeka kwa msewu sikukwera mofanana ndi kulemera kwa ekiselo. Kumakwera ngati mwachulukitsa kulemerako kanayi mwa iko kokha. Muyeso wake ndi ekiselo ya makilogalamu 8,160. Ekiselo yololedwa matani 10 ikasenza matani 13, kulemera kwangokwera ndi 30 pa 100, koma kuononga kwake kwatsala pang'ono kufika katatu. Lole imodzi yodzaza imadya msewu kuposa magalimoto ang'onoang'ono masauzande.

Tsopano taonani zimene zimachitika sikelo ikalakwitsa pang'ono. Ekiselo yolemera matani 10, sikelo n'kulemba 9. Munthu anganene kuti tani imodzi si nkhani. Koma pa masamu aja, kuononga kolembedwa m'buku kumakhala 66 pamene koona ndi 100. Msewu umene injiniya anaujambula kuti ukhale zaka 20 umafika pa mapeto a mphamvu zake patatha zaka pafupifupi 13. Phula limayamba ndi mikwaso iwiri yotsatira matayala, kenako ming'alu yolukanalukana, madzi amalowa, maenje n'kubadwa. Anthu amaloza chala kontilakitala, ndipo nthawi zina amakhala akulondola, koma nthawi zina wolakwa ndi nambala imene injiniyayo anapatsidwa poyamba.

Masikelo oyeza lole ikuyenda, a weigh-in-motion, ndi amene amakhudzidwa kwambiri. Lole yoyenda imanjanja pa masipuling'i ake, choncho mphamvu imene tayala likupondera pansi imasinthasintha. Pachifukwa ichi, muyeso wa ku America wa ASTM E1318 umafuna kuti msewu ukhale wosalala mamita 60 musanafike pa sikelo ndi mamita 30 mutadutsa, ndipo pasakhale chitunda kapena chigwa chopitirira 2 pa 100. Chigamba chimodzi chotukuka patsogolo pa sikelo chimakwanira kusokoneza zonse. Pamalo otsetsereka ngati Chiweta, kapena potsikira ku Nkhata Bay, pamene dalaivala amakhala ataponda buleki, kulemera kumathamangira kutsogolo ndipo zoyezedwa pamenepo sizingadaliridwe. Zipangizo zina zokwiriridwa m'phula zimasinthanso ndi kutentha: phula likafewa masana limapereka nambala ina, likauma ndi chisanu cha m'bandakucha wa mwezi wa June limapereka ina. Ku Ulaya, ndondomeko ya COST 323 imaika masikelowa m'magulu malinga ndi kulondola kwake, ena olakwitsa mosapitirira 5 pa 100, ena 10, ena 15. Gulu la sikelo liyenera kulembedwa pambali pa nambala iliyonse imene sikeloyo yatulutsa.

Mlimi wa soya ku Mzimba amadziwa kuti sikelo ya wogula siikhulupiriridwa chifukwa chakuti ndi yatsopano kapena yowala. Amafuna kuona chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Sikelo imene ikugamula za msewu wa mabiliyoni iyenera kufunsidwa chidindo chomwecho.

Kuyesa kwake n'kodziwika. Mumatenga lole yodzaza, makamaka ya mtundu umene umadutsa kwambiri pamalopo, n'kuiyeza itaima pa sikelo yovomerezeka, ekiselo ndi ekiselo. Kenako imadutsa pa sikelo yoyenda ija maulendo angapo pa liwiro lotsika, lapakati ndi lokwera, m'mawa ndi masana. Pakati pa mayeso oterewa pali njira yosafuna ndalama: ekiselo yakutsogolo ya lole yokoka ngolo imalemera pafupifupi chimodzimodzi, kaya yanyamula kaya ilibe kanthu. Mukamaona avereji ya ekiselo imeneyi sabata ndi sabata, n'kupeza ikutsika pang'onopang'ono, dziwani kuti sikelo yayamba kusochera.

Chachinayi ndi nthawi yowerengera. Nambala imene imalowa m'pulani ndi avereji ya magalimoto a pa tsiku m'chaka chonse, koma kawirikawiri imatengedwa pa kuwerenga kwa masiku asanu ndi awiri. Sabata imeneyo ikagwa mwezi wa February, mvula ili pakati, simuona malole a fodya amene amadzaza msewu wa ku okushoni akatsegula msika. Ikagwa nthawi yosowa mafuta, magalimoto ali pamizere m'mafilingi siteshoni, M1 imaoneka ngati yopanda anthu. Matabwa a ku Chikangawa, malasha a ku Mchenga, feteleza wa nyengo yodzala, zonsezi zili ndi miyezi yake. Kuwerenga kwa masana okha kumasiya malole amene amayenda usiku. Kuti sabata imodzi isanduke chaka, pamafunika malo owerengera chaka chonse osaima, kumene mungaphunzire kuti mwezi uliwonse umasiyana bwanji ndi unzake. Ma toll gate a Chingeni, amene anatsegulidwa mu 2021, ndi Kalinyeke mu 2022, amapereka manambala abwino a tsiku ndi tsiku popeza galimoto iliyonse imaonedwa ndi munthu ndipo imasiya lisiti. Koma kayendedwe ka pakati pa Blantyre ndi Lilongwe si ka pakati pa Songwe ndi Mzuzu. Kumpoto kuyenera kuyezedwa ndi nyengo zake.

Chachisanu tidutsapo msanga, ngakhale chimachitika kawirikawiri. Batire ya sola imafooka mitambo ikakhala masiku angapo, zimene si zachilendo kuno. Mphezi imawotcha makina kudzera pa waya wa loop. Netiweki ikaduka manambala satumizidwa. Wotchi ya makina ikasochera, magalimoto a 7 koloko m'mawa amalembedwa pa ola lina. Makamera nawo amavutika ndi nkhungu ya pa Chikangawa, kuwala kwa magetsi a galimoto usiku, fumbi pa galasi, ndi lole yaitali yobisa galimoto yaing'ono kumbuyo kwake. Makamera owerenga nambala za galimoto amasokoneza 8 ndi B, 5 ndi S, makamaka nambala ikakhala ndi matope. Mipata yotere mapulogalamu ambiri amaidzaza okha ndi manambala ongoyerekeza, potengera masiku ena. Kutero si kulakwa. Kulakwa n'kusalemba kuti tsiku ili n'loyezedwa, ili n'longoganizira.

Chomaliza ndi makina oyeza liwiro, amene amakhudza thumba la dalaivala pompopompo. Tikugwirizana nanu kuti kuthamanga kukupha anthu ndipo othamanga azilipira chindapusa. Koma chindapusa chimalemekezeka ngati muyeso wake ndi wosakayikitsa. Radar yogwira pamanja imamwaza mafunde ake mokula, madigiri pafupifupi 12, kutanthauza kuti pa mtunda wa mamita 100 ikuona malo otambalala mamita 20, pamene msewu wonse ndi mamita 7. Imakonda kugwira chinthu chachikulu, choncho basi yothamanga kumbuyo ingapatse liwiro lake kagalimoto kali patsogolo. Laser imaloza malo aang'ono kwambiri, ngati masentimita 30 pa mtunda womwewo, koma dzanja likagwedezeka kuwalako n'kutsetsereka kuchoka pa galasi kupita pa bampala, nambala imasintha. Palinso cholakwa chopendekera kwina: makina akaima chammbali kwambiri amachepetsa liwiro, ndi 6 pa 100 ngati ngodya yake ndi madigiri 20. Dalaivala sangadandaule nazo, koma kafukufuku wa liwiro wotengedwa choncho amaonetsa malo oopsa ngati abwinobwino, ndipo hampu kapena chikwangwani chimene chikanaikidwa pafupi ndi sukulu sichiikidwa.

Pa zifukwa zimenezi, tikupempha mwaulemu zinthu izi:

1. Chipangizo chilichonse chowerenga magalimoto chiyesedwe tsiku loikidwa, kenako kosachepera kawiri pa chaka, nthawi ya mvula ndi nthawi ya chilimwe. Kuyesako kukhale kwa anthu awiri owerenga payekhapayekha pamodzi ndi vidiyo, kwa maola a m'mawa, a masana ndi a usiku, ndipo zotsatira zifanizidwe gulu ndi gulu. Chipangizo chosiyana ndi anthu kupitirira 5 pa 100 pa chiwerengero chonse chikonzedwe manambala ake asanagwiritsidwe ntchito.

2. Njinga zamoto, njinga zakapalasa ndi oyenda pansi akhale ndi magulu awo pa kuwerenga kulikonse kwa mumzinda wa Mzuzu ndi m'matauni a m'mbali mwa M1 ndi M5, monga Ekwendeni, Jenda, Bwengu ndi Mpamba. Pamene makina sangathe, pawerengedwe ndi anthu.

3. Pakhale malo owerengera chaka chonse kumpoto kuno, pang'ono pokha atatu: pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni, pakati pa Mzuzu ndi Jenda, ndi pa msewu wa ku Nkhata Bay. Malowa akhale ndi chotchinjiriza mphezi, batire yotha kupirira masiku angapo opanda dzuwa, ndi munthu wodziwika amene udindo wake ndi kuwayendera mwezi uliwonse.

4. Sikelo iliyonse ya malole, yoimapo kapena yoyeza akuyenda, ikhale ndi satifiketi ya a Malawi Bureau of Standards yopachikidwa poonekera, yolemba tsiku loyesedwa ndi tsiku lotha ntchito. Msewu wa pa sikelo ukaikidwa chigamba kapena phula latsopano, iyesedwenso.

5. Wapolisi woyeza liwiro akhale ndi satifiketi ya makina ake pamalo a ntchito, ayese makinawo poyamba ndi pomaliza ntchito ya tsikulo n'kulemba m'buku, ndipo dalaivala aonetsedwe nambala kapena chithunzi asanalipire. Pa lisiti palembedwe nambala ya makinawo ndi malo. Izi zimateteza wapolisi wachilungamo mofanana ndi dalaivala.

6. Manambala a malo alionse atulutsidwe pa intaneti miyezi itatu iliyonse, m'njira yoti munthu angawatsitse n'kuwerengera yekha, atalembedwa mtundu wa chipangizo, masiku amene chinali chozima ndi masiku odzazidwa mongoyerekeza. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo mzika siiyenera kuchita kulemba kalata kuti ione manambala a msewu wakwawo. Nambala za magalimoto a anthu ndi zithunzi zawo zisakhale m'gulu la zotulutsidwazo, ndipo munene poyera kuti zimasungidwa nthawi yaitali bwanji komanso amaziona ndani.

7. Pogula makina, mgwirizano ulembe kulondola kofunika pa gulu lililonse la magalimoto, ndipo gawo lina la malipiro lidikire mpaka makinawo atayesedwa pa msewu wathu, usiku ndi pa mvula. Wogulitsa asakhale yemwenso akudziyesa. Zipangizo zosinthira ndi maphunziro a amisiri a kuno zikhale mu mtengo womwewo.

8. Msewu uliwonse wokonzedwa kumene, kuphatikizapo zigawo za M1 za Kacheche mpaka Chiweta, uwerengedwenso magalimoto ndi kulemera kwake pakatha chaka chimodzi ndiponso pakatha zaka zitatu, ndipo zotsatira ziikidwe pambali pa manambala amene anagwiritsidwa ntchito pojambula pulani, kuti ngati malole achuluka kuposa momwe munayembekezera, phula lionjezedwe ming'alu isanayambe.

Zambiri mwa zimenezi sizifuna ngongole yatsopano. Ophunzira a ku Mzuzu University ndi a ku Mzuzu Technical College angathe kugwira ntchito yowerenga ndi kufananiza ngati gawo la maphunziro awo, moyang'aniridwa ndi mainjiniya anu a kuchigawo. Tikupempha kuti Roads Authority ndi Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu aitanitse msonkhano wapoyera kuno, kumene oyendetsa malole, a minibasi, a kabaza ndi mainjiniya adzaonetsedwe manambala a misewu yolowa mumzindawu ndi momwe anapezekera, ndipo yankho la mfundo zisanu ndi zitatuzi lidzaperekedwe molemba ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa isanakhazikitsidwe.

Ndife anu mwaulemu,

Akatswiri oyeza misewu, amisiri a zamagetsi ndi onyamula katundu okhala mu Mzuzu